Vinyo Akali Mumgolo, Mtengo Watchulidwa Kale

Mwezi wa Epulo ukafika, mvula itayamba kutsanzika, misewu ya ku Limbe imadzaza ndi magalimoto akuluakulu osenza mabelo a fodya. Anthu a ku Bangwe amene amatsikira ku Limbe m'mamawa amawadziwa bwino magalimoto amenewa, pakuti amandanda masiku angapo kudikira malo pa okishoni. Eni fodyayo, kaya ali pomwepo, kaya atsala kumudzi khutu lili pa wailesi, m'mitima mwawo mumakhala funso limodzi: kodi chaka chino ogula atchula mtengo wanji? Mlimi adafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, adawokera, adabandira, adathyola, adasoka ndi kupachika m'chigafa. Koma tsiku la malonda likafika iye amaima chete, manja kumbuyo, wina ndiye amatchula mtengo wa thukuta lake.

M'mwezi womwewo, kutali ku France, mumzinda wa Bordeaux, mumakhalanso anthu odikira mtengo. Kumeneko malonda ake ndi vinyo wofiira, wochokera ku mphesa zimene zidakololedwa chaka chapitacho. Vinyoyo amakhala asanakhwime, akali m'migolo m'zipinda zozizira, ndipo wogula sadzamulandira m'botolo mpaka patapita pafupifupi zaka ziwiri. Komabe amalonda ochokera ku London, ku New York ndi ku Hong Kong amafika m'chigulu kudzalawa, nabwerera kwawo kukadikira uthenga wa mtengo. Chodabwitsa nchakuti kumeneko wodikira ndi wogula, ndipo wotchula mtengo ndi mwini munda. Onsewa ndi alimi, onsewa amadalira nthaka, dzuwa ndi mvula. Nanga chimawasiyanitsa nchiyani?

Ulalo wa pakati pa Makata ndi Bordeaux

Wina nkufunsa kuti za ku Bordeaux zikumukhudza bwanji munthu wa ku Ndirande. Yankho silili patali. M'munsi mwa Ndirande, ku Makata, kuli fakitale ya mowa imene idatsegulidwa mu 1968, yoyamba imene kampani ya Carlsberg idamanga kunja kwa dziko la Denmark. Mu 2016 gawo lalikulu la kampaniyi kuno ku Malawi lidagulidwa ndi gulu la Castel la ku France. Gulu limeneli lidabadwira ku Bordeaux komweko mu 1949, pamene Pierre Castel ndi abale ake adayamba malonda a vinyo, ndipo mu 2011 lidagula gawo m'munda wotchuka wa mphesa wa Château Beychevelle, umodzi mwa minda imene vinyo wake amagulitsidwa akali mumgolo. Tsono bambo wa ku Ndirande amene amalawirira ku ntchito ku Makata ali m'banja limodzi la malonda ndi anthu osamalira migolo ya ku Beychevelle, ngakhale sadaonanepo.

Palinso anyamata ndi atsikana a ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni amene amagwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa m'mahotela a mumzinda. Madzulo amanyamula botolo, kulionetsa kwa mlendo kuti awerenge dzina ndi chaka, kulitsegula, kuthira pang'ono kuti mlendoyo alawe, kenaka nkuthirira onse a patebulo. Akaweruka amakwera minibasi akudzifunsa mumtima: mabotolo awiri ofanana msinkhu, ofanananso maonekedwe, limodzi mtengo wake nkuposa linzake kakhumi, kusiyana kwake kuli pati?

Chaka cholembedwa pa botolo

Poyambira pake ndi pa chaka chimene chimalembedwa pa botolo. Ambiri amayesa kuti ndi chaka chimene vinyo adathiridwa m'botolomo, ena amati ndi chaka chimene adzawonongeke, monga zimakhalira pa paketi ya mkaka. Kwenikweni chimenechi ndi chaka chimene mphesa zidakololedwa. Mpesa umabala kamodzi pachaka. Ku France amakolola mu Sepitembala ndi Okutobala, pamene ku South Africa, kumene kumachokera vinyo wambiri wopezeka m'masitolo a ku Blantyre, kukolola kumafika pachimake mu Febuluwale ndi Malichi. Lamulo la ku South Africa limati botolo lisalembedwe chaka pokhapokha magawo osachepera 85 pa 100 aliwonse a vinyo wa m'katimo atachokera ku zokolola za chaka chimenecho.

Mlimi aliyense amadziwa kuti zaka sizifanana. Mu Epulo 2017 chisanu chidawaula mphukira za mpesa ku Bordeaux, ndipo zokolola zidatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Mu 2013 ndi mu 2024 mvula idachuluka, nthenda za masamba ndi kuola kwa zipatso zidasautsa alimi. Koma zaka monga 1982, 2009, 2010 ndi 2022 zidabala mphesa zakupsa bwino, ndipo mbiri ya zaka zimenezi imakambidwa monga akuluakulu a kumudzi amakambira chaka cha dzinthu zambiri. Munda ndi womwewo, antchito ndi omwewo, koma vinyo wa chaka china safanana ndi wa chaka chinzake. Nchifukwa chake chaka chilichonse chimakhala ndi mtengo wakewake.

Vinyo wofiira amatenga kufiira kwake ku makoko a mphesa, pakuti madzi a zipatsozo amawira pamodzi ndi makoko ndi njere zomwe. M'makokomo muli chinthu chotchedwa tanini, chimene chimapezekanso mu tiyi wochuluka masamba, ndipo chimaumitsa m'kamwa monga ichitira nthochi yosapsa. Tanini ameneyu amathandiza vinyo kukhala nthawi yaitali osawonongeka, ndipo zaka zikamapita amafewa, vinyo nkumakoma. Awerengi adziwe kuti si vinyo aliyense amakoma akakalamba. Wambiri wa mtengo wotsika amakonzedwa kuti amwedwe m'zaka ziwiri kapena zitatu. Wochepa chabe, wochokera m'minda yosankhika, ndiye amatha zaka makumi awiri kapena atatu akukomerakomera. Chinsinsi cha malonda onsewa chagona pamenepa: katundu amene sawonongeka msanga amapatsa mwini wake mpata wodikira.

Mndandanda wa mu 1855

Aphunzitsi amadziwa mphamvu ya mndandanda wa zotsatira za mayeso, momwe dzina lokhala pamwamba limatsegulira mwana makomo. Minda ya ku Bordeaux nayonso ili ndi mndandanda wake. Mu 1855, pokonzekera chionetsero chachikulu cha mumzinda wa Paris, mfumu Napoleon III idafuna kuti vinyo wa ku Bordeaux aikidwe m'magulu. Ntchitoyo idapatsidwa kwa amkhalapakati a malonda, ndipo iwowa adatsegula mabuku awo akale, naona mitengo imene munda uliwonse udakhala ukugulitsira kwa zaka zambiri. Potsatira mabukuwo adaika minda pafupifupi 60 ya vinyo wofiira m'magulu asanu. M'gulu loyamba mudalowa minda inayi: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion. Munda wa Mouton Rothschild udadandaula kwa zaka zambiri mpaka udakwezedwa kulowa m'gululi mu 1973. Beychevelle uja adaikidwa m'gulu lachinayi.

Mndandandawu ukugwirabe ntchito ngakhale papita zaka zoposa 160. Chofunika kuona nchakuti dzina la munda lidamangidwa ndi zolembalemba. Chaka ndi chaka kudalembedwa kuti munda wakuti udakolola zochuluka motani, udagulitsa kwa yani, pa mtengo wanji. Mbiri yosungidwa m'mabuku ndiyo idasanduka chuma cha adzukulu.

Malonda a vinyo wosakhwima

Mwambo wogulitsa vinyo akali mumgolo amautcha en primeur m'Chifalansa, ndipo umayenda motere. Mphesa zikakololedwa ndi kuwira, vinyo amathiridwa m'migolo ya matabwa a oak. Mgolo umodzi umalowa malita 225, ndiye kuti mabotolo 300. Mu Epulo wa chaka chotsatira eni minda amaitana amalonda ndi akatswiri olawa. Aliyense amathiriridwa pang'ono, amanunkhiza, amalawa, nkulavula, pakuti munthu wolawa vinyo wa minda makumi angapo pa tsiku limodzi sangathe kumeza. Zimafanana pang'ono ndi mwambo wa pamowa wa masese, pamene wogula amayamba wapempha cholawa asanatulutse ndalama. Kusiyana kwake nkwakuti wolawa wa ku Bordeaux akuweruza chakumwa chimene sichinapse, akulosera momwe chidzakomere zaka khumi m'tsogolo.

Kulawa kukatha, masabata odikira amayamba. Kuchokera kumapeto kwa Epulo mpaka mu Juni, minda imalengeza mitengo umodziumodzi, uliwonse ukuyang'anitsitsa zimene wachita mnzake wapafupi. Mwini munda sagulitsa yekha kwa wakumwa. Amadzera kwa mkhalapakati, amene amalandira magawo 2 pa 100 a mtengo, nagulitsa kwa amalonda aakulu a mumzinda wa Bordeaux, ndipo awa ndiwo amagawira amalonda a m'maiko ena. Minda yotchuka kawirikawiri situlutsa vinyo yense nthawi imodzi. Imayamba yatulutsa wochepa kuti ione njala ya ogula, ndipo akamulimbirana, wotsatira amatuluka pa mtengo wokwererapo.

Mwini munda amapindula chifukwa amalandira ndalama katundu asanachoke m'nkhokwe. Wogula amayembekeza zinthu ziwiri: kupeza gawo lake vinyo asanathe, ndi kugula motsika lero chinthu chimene chidzakwere mawa. Koma akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wolipira lero kuti adzalandire patapita zaka ziwiri wagula lonjezo, ndipo lonjezo limatha kupindula, limathanso kuluza.

Malikisi a olawa

Wogula wa ku Hong Kong sangafike m'chipinda cha migolo, motero amadalira lilime la munthu wina. Mwa olawa onse, amene adasintha kwambiri malondawa ndi Robert Parker, loya wa ku America amene mu 1978 adayamba kusindikiza kalata yake yonena za vinyo, yodziwika ndi dzina lakuti The Wine Advocate. Iye ankapereka malikisi pa 100, monga achitira mphunzitsi pochonga mayeso. Adatchuka pamene adatamanda vinyo wa chaka cha 1982 ena akukayika, ndipo zaka zitapita anthu adavomereza kuti adalasa. Kuchokera pamenepo eni minda ambiri ankazengereza kulengeza mtengo mpaka malikisi a Parker atatuluka. Kusiyana kwa malikisi atatu kapena anayi kunkatha kusintha mtengo wa zokolola za chaka chonse. Parker adapuma pa ntchitoyi mu 2019, ndipo malikisi tsopano amachokera kwa olawa angapo, koma mwambo wodikira zotsatira udakalipo.

Apa mpamene wogwira ntchito m'hotela uja angapeze gawo la yankho lake. Mtengo wa botolo umapangidwa ndi zinthu zingapo: ubwino wa chaka, kuchepa kwa mabotolo, dzina la munda, ndi umboni wa munthu amene ogula amamukhulupirira. Ndalama zolimira ndi zofululira ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa vinyo wa gulu loyamba.

Pamene pali dzina la mtengo wapatali, akuba nawonso amafika. Rudy Kurniawan adagwidwa ku California mu 2012 chifukwa chothira vinyo wamba m'mabotolo a maina otchuka nkumagulitsa kwa anthu olemera, ndipo mu 2014 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayi aliyense amene adagulapo mpunga wotchedwa Kilombero pamsika, nakapeza kunyumba kuti ngwosakaniza ndi wina wopanda fungo, akuidziwa bwino nkhani imeneyi.

Kukwera ndi kugwa

Mtengo womangidwa pa chiyembekezo umatha kukwera mofulumira, umathanso kugwa chimodzimodzi. Mu 2008 boma la Hong Kong lidachotsa msonkho pa vinyo, ndipo anthu olemera a ku China adayamba kulimbirana maina a gulu loyamba, makamaka Lafite. Mu Okutobala 2010, pa okishoni ya ku Hong Kong, mabotolo atatu a Lafite wa chaka cha 1869 adagulidwa pa mtengo woposa madola 230,000 a ku America botolo lililonse. Eni minda ataona zimenezi adatchula mitengo yosaonekapo pa vinyo wa 2009 ndi wa 2010. Koma pakati pa chaka cha 2011 njala ya ogula idazirala, mitengo idayamba kutsika, ndipo ambiri amene adagula vinyo wa 2010 akali mumgolo adapeza kuti pomulandira anali atatsika kale mtengo.

Alimi a m'chigawo cha kumwera sangadabwe nazo zimenezi, pakuti adaziona pa nandolo. M'zaka za 2015 ndi 2016 dziko la India lidasowa nandolo, mtengo udakwera, ndipo minda yambiri idadzala mbewuyi. Mu Ogasiti 2017 India idaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwake, ndipo matumba adangounjikana m'nyumba za alimi ndi m'mashedi a ku Limbe. Msika wodalira wogula mmodzi, kaya ndi wa vinyo kaya ndi wa nandolo, umafanana ndi nyumba ya mzati umodzi.

M'zaka zaposachedwa ogula a vinyo adayambanso kuuma manja. Adaona kuti vinyo wa zaka zakale, wokhwima kale, akupezeka pamsika motsika kuposa watsopano amene akali mumgolo. Chiwongoladzanja cha ku banki chidakwera, motero kutsekera ndalama mumgolo zaka ziwiri kudasanduka kutaya. Eni minda adakakamizika kugonja. Lafite wa chaka cha 2022 adatuluka mu 2023 pa mayuro 580 botolo limodzi, mtengo wa kwa amalonda aakulu a ku Bordeaux. Wa 2023 adatuluka mu 2024 pa mayuro 396, ndipo wa 2024 adatuluka mu 2025 pa mayuro 288. M'zaka ziwiri mtengo udatsika ndi theka.

Ngakhale atatsika chotero, kwa munthu wa ku Machinjiri mtengowu ndi phiri. Mayuro 396 aja, powasintha pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo, ankakwana pafupifupi K740,000, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma mu 2024 anali K90,000 pamwezi. Botolo limodzi, lisanakwere sitima ndi kulipira msonkho, linkadya malipiro a miyezi yoposa 8. Vinyo wamba wa ku South Africa nayenso amafika pashelefu ya ku Chichiri atasenza zambiri: ulendo wa pamsewu kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pa chipata cha Mwanza, misonkho ya pachipata, ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, botolo lomwelo, la chaka chomwecho, lidasintha mtengo lili pashelefu pomwepo.

Tsono pasakhale woyesa kuti mlimi aliyense wa ku Bordeaux amatchula yekha mtengo. Chigawochi chili ndi alimi a mphesa zikwi zingapo, koma minda yolowa m'malonda a mumgolo ndi mazana ochepa okha. Enawo amagulitsa vinyo wawo m'mathanki pa mtengo umene wogula wanena, ndipo anthu a ku France atachepetsa kumwa vinyo wofiira, ambiri adagwa m'ngongole. Mu 2023 boma la dzikolo lidayamba kulipira alimi a ku Bordeaux kuti azule mipesa yawo. Mlimi wopanda dzina, ngakhale akhale Mfalansa, amaima manja kumbuyo monga mnzake wa pa okishoni ya ku Limbe.

Mphamvu ya wodikira

Amene ali ndi dzina, ali ndi nkhokwe, alinso ndi ndalama zodyera podikira, amatha kukana. Mu 2012 munda wa Latour udalengeza kuti waleka kugulitsa vinyo akali mumgolo. Udati udzasunga mabotolo ake m'zipinda zake zomwe, nkumawatulutsa pamene wakhutira kuti akhwima, pa mtengo wa tsiku limenelo.

Ku Australia kuli vinyo wofiira wotchedwa Grange, wa kampani ya Penfolds. Katswiri wina dzina lake Max Schubert, atapita ku Bordeaux nalawa vinyo wa zaka zambiri, adayamba kufulula wake mu 1951. Akuluakulu a kampani atamulawa asanakhwime sadakondwe naye, ndipo mu 1957 adalamula kuti ntchitoyo ileke. Schubert adapitiriza mobisa kwa zaka zitatu. Mabotolo oyamba aja atakhwima, akuluakuluwo adasintha maganizo, ndipo mu 1960 adamuuza kuti ayambirenso. Grange amatulutsidwa patapita zaka pafupifupi zinayi chikololere mphesa, ndipo tsiku lotulutsa limadikiridwa ndi ogula a m'maiko ambiri. Wa chaka cha 2018 adatuluka mu 2022 pa madola 1,000 a ku Australia botolo limodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pafupi ndi Stellenbosch ku South Africa kuli munda wa Meerlust, umene vinyo wake wapamwamba, Rubicon, adayamba ndi zokolola za mu 1980. M'zaka zimene mphesa sizidafike pa muyeso, monga 2002 ndi 2011, eni munda sadatulutse Rubicon. Vinyo wa zaka zimenezo adamugulitsa ndi dzina lina, pa mtengo wotsika. Adalola kutaya phindu la chaka chimodzi kuti dzina lisadetsedwe, ndipo nchifukwa chake wogula akaona dzinalo pa botolo sakayika.

Awerengi ayerekeze zimenezi ndi mayi wofulula masese. Mowa wake ukapsa lero uyenera kutha lero kapena mawa, kupanda kutero usasa. Dzuwa likamapendeka mayiyo amatsitsa yekha mtengo, ndipo wogula amadziwa. Ayerekezenso ndi bambo amene mu Febuluwale, nyumba mulibe ufa, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, amagulitsa chimanga chake chikali m'munda. Naye wagulitsa katundu wosakhwima monga achitira a ku Lafite, koma iye wagulitsa chifukwa cha njala, ndipo wotchula mtengo ndi venda. Mu Meyi chimanga chimatsika chifukwa aliyense akugulitsa, mu Januwale chimakwera chifukwa aliyense akugula, ndipo kawirikawiri wogulitsa mu Meyi ndi yemweyo wogula mu Januwale. Phindu la miyezi ya pakatiyi limapita kwa amene adali ndi posungira. Matumba osalowa mpweya otchedwa PICS, magulu a alimi osunga ndi kugulitsa pamodzi, ndi njira yoikiza mbewu m'nkhokwe zovomerezeka nkulandira lisiti lokongolera ndalama, imene bungwe la ACE la ku Lilongwe lidailimbikitsa, zonsezi cholinga chake nchimodzi: kumpatsa mlimi miyezi ingapo yodikira.

Maina a m'dziko muno

Dziko lino lili nawo maina ake. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga umagulidwa mokwera kuposa wina chifukwa cha fungo lake ndi mbiri yake. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amagulitsidwa chochuluka pa okishoni ya ku Limbe kapena kwa ogula akunja, nakasakanizidwa ndi wa maiko ena mpaka dzina la Malawi litasowa pa paketi. Koma munda wa Satemwa ku Thyolo, umene udayamba mu 1923, umakonzanso tiyi wapadera amene amagulitsidwa kunja ndi dzina lake lomwe. Alimi a khofi a kumpoto adagwirizana nkumagulitsa pansi pa dzina la Mzuzu Coffee. Ku Lilongwe kuli vinyo wa Linga, wofululidwa kuchokera ku zipatso za m'dziko muno monga jambula, magwafa ndi chidede, amene adayamba ngati ntchito ya pakhomo nakula mpaka kufika m'masitolo ndi m'mahotela.

Chidede chomwecho chimamera mosavuta kuseri kwa nyumba ku Machinjiri ndi ku Chilomoni. Masamba ake ndi ndiwo, ndipo makoko ake ofiira amayi ena amapangira chakumwa cha paukwati ndi pachinkhoswe, ena amachiwiritsa nkukhala vinyo. Kawirikawiri chakumwachi chimathiridwa m'botolo lakale lopanda chizindikiro, ndipo cha mwezi uno sichifanana ndi cha mwezi watha. Wogula akachikonda sadziwa kuti akachipezanso kuti, akadana nacho sadziwa wom'dandaulira. Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza Folomu 4, naphunzira kuyeza ndi kulemba m'phunziro la sayansi, ali nacho chimene chikusowa pamenepa: sikelo, ziwiya zaukhondo, ndi kope lolembamo tsiku, muyeso wa shuga ndi wa madzi, ndi zotsatira zake. Akafuna kugulitsa, pali bungwe loona za miyeso ya katundu la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, palinso chiphaso cha malonda a zakumwa zaukali chimene lamulo limafuna. Njira yomweyi ndi ya uchi, ya ufa wa malambe, ya tsabola wa kambuzi. Munthu safunika kukhala wakumwa kuti aiphunzire.

Lilime nalonso limaphunzitsika. Mu 2017 amuna anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Pardon Taguzu ndi Marlvin Gwese, amene adapita ku South Africa kukafuna ntchito nayamba ndi zonyozeka, adakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo pongolawa, botolo lili lobisika. Onsewa adakula osadziwa vinyo wa mphesa. Ena mwa iwo pambuyo pake adakhazikitsa maina a vinyo wawo. Woperekera zakumwa wa ku Zingwangwa uja, akafuna, botolo limene amanyamula madzulo aliwonse likhoza kukhala buku lake loyamba.

Epulo adzabweranso. Ku Bordeaux migolo idzatsegulidwa, olawa adzalemba malikisi awo, ndipo ogula adzadikira uthenga. Ku Limbe magalimoto adzandandanso, ndipo anthu a ku Bangwe adzawalambalala popita ku ntchito. Mphunzitsi wa zaulimi kapena wa zamalonda amene adzafune chitsanzo cha m'kalasi adzachipeza pamenepo. Afunse ana ake kuti mwa alimi awiriwa wotchula mtengo ndani, ndipo adaupeza bwanji mwayi umenewo. Ana akalondola bwino nkhaniyi adzatchula zinthu zitatu: katundu wosungika, dzina losadetsedwa, ndi mabuku olembedwa mokhulupirika chaka ndi chaka. Ku Lafite zidatenga mibadwo kuti zitatuzi zikwane. Kope la mtsikana wa ku Machinjiri likhoza kuyamba ndi chidede cha chaka chino.